Kodi mipando ya mahogany ya ku Durban ndi ya mbawa?

Funso: Ku Durban ogulitsa katundu wakale amatchula ndalama zoopsa pa matebulo ndi makabati a mahogany a nthawi ya atsamunda. Kodi mtengo umenewu si mbawa yathu yomwe ija? Nanga khalidwe losonkhanitsa zinthu zimenezi linayamba bwanji?

Yankho: Ndi pachibale, koma si mtengo umodzi. Mbawa ndi ya kuno ku Africa, pomwe mahogany amene anatchuka m'zaka za m'ma 1700 ankachokera ku Jamaica, Cuba ndi Honduras. Mu 1721 nyumba ya malamulo ya Britain inachotsa msonkho pa matabwa ochokera kumadera ake a ku America, ndipo akalipentala a ku London anawakonda chifukwa ndi olimba, amasemeka bwino komanso safumbwa msanga. Buku la mapangidwe a mipando limene Thomas Chippendale anatulutsa mu 1754 linakolezera moto. Odula mitengoyo ku Jamaica ndi kudera limene lero ndi Belize anali akapolo ochokera ku Africa. Ku Natal, kumene kuli Durban, katundu wotere ankafika pa sitima zapamadzi ndi mabanja a Angelezi, pomwe amisiri a ku Cape ankadalira kwambiri mitengo yakonko, stinkwood ndi yellowwood, ndipo ambiri mwa iwo nawonso anali akapolo.

Choncho wogula salipira thabwa, pajatu mbawa youma bwino imatulutsa tebulo losachititsa manyazi. Amalipira mbiri: kabatiyi inali m'nyumba ya yani, inabwera liti. Ku Durban mbiri imeneyi inayenda ndi ndalama za shuga. Nyumba ya Muckleneuk ku Berea inamangidwa mu 1914 kukhala ya Sir Marshall Campbell, mwini minda ya nzimbe ku Mount Edgecombe, yemwe dera la KwaMashu linatengera dzina lake. Mwana wake wamkazi Killie anasonkhanitsa mabuku ndi zolembedwa za mbiri ya Africa, pomwe mipando yakale ya ku Cape yosungidwa m'nyumbamo imadziwika ndi dzina la mchimwene wake William. Killie atamwalira mu 1965 zonsezi zinatsala m'manja mwa yunivesite ya Natal, imene lero ndi ya KwaZulu-Natal.

Wina anganene kuti popanda anthu achuma ngati amenewa katunduyu akanathera ku chiswe kapena pamoto. N'zoona, ndipo Killie anasunganso zambiri za Azulu zimene anzake ankazinyoza. Koma kusunga kumasankha. Dzina la mwini kabati linalembedwa, la amene anaipala kawirikawiri silinalembedwe, ndiponso Amwenye amene anayamba kufika mu 1860 kudzalima nzimbe za Natal satchulidwa pa kabati iliyonse imene thukuta lawo linagula. Mtengo weniweniwo unadulidwa mopanda chifundo, moti kuyambira 2003 malonda a mahogany a masamba aakulu a ku America amafuna chilolezo cha pangano la CITES. Zimenezi zimachititsa kuti matabwa enieni a mahogany akhale osowa, n'chifukwa chake wogula ayenera kufunsa mapepala osonyeza kumene katundu anachokera: mbawa yopakidwa vanishi wakuda imapusitsa ngakhale maso ozolowera.