Anthu Amene Anayamba Wailesi M'dziko Lino

Lero tikambe za ciyambi ca wailesi kuno kwathu. Ambiri aganiza kuti Boma ndilo linaiyamba, koma oyamba anali anthu wamba, ogwira nchitoyi mwa cifuniro cao, osalandirapo malipiro.

Pamene nkhondo yaikuru yaciwiri inabuka mu September 1939, m'Northern Rhodesia munalibe nyumba ya wailesi. Nyuzipepala ya Mutende, imene Boma linayamba mu 1936, inali kufika mocedwa, ndipo anthu ambiri sanadziwe kuwerenga. Tsono pamene palibe mau oona, mphekesera ndizo zilamulira mudzi. Boma linali lisanaiwale za 1935, pamene anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya anakana nchito atamva mwadzidzidzi kuti msonkho wakwera, ndipo anthu anafa ku Luanshya.

Ku migodi komweko kunali Azungu ena amene anali ndi makina a wailesi m'nyumba zao. Madzulo, ataweruka, anali kulankhula ndi anzao a kutsidya kwa nyanja, yense ndi cizindikiro cace coyamba ndi VQ2, cimene cinali ca dziko lino. Poyamba anali masewera cabe. Koma nkhondo itafika, anthuwa anapereka makina ao ndi nthawi yao, nayamba kuulutsa mau kuti anthu amve.

Boma linaona phindu lace. Mu 1941 linaimika makina ace ku Lusaka, pafupi ndi bwalo lakale la ndege. Anali ang'ono, a mphamvu ya mawati 300 okha, ndipo nchito yace inali kufalitsa nkhani za nkhondo. Amuna ambiri a kuno anali ku usilikari, ku East Africa ndipo pambuyo pace ku Burma, motero abale ao anali kusonkhana m'maholo ndi pa maboma kudzamvera, popeza mawailesi anali a mtengo wapatali. Bvutoli linatha mu 1949, pamene Bambo Harry Franklin anapangana ndi kampani ya Ever Ready kupanga kawailesi konga sefuliya, ka mtengo wa £5. Apo mpamene wailesi inayamba kulowa m'nyumba za ku Kabwata ndi za m'makomboni a ku migodi.

Si kuno kokha kumene anthu otere anathandiza. Madzi a m'nyanja atasefukira ku England mu 1953, napha anthu ndi kudula matelefoni, eni mawailesi a kumeneko anapanga bungwe lochedwa RAYNET, loti lizinyamula mauthenga pa nthawi ya ngozi. Makina otere agwira nchito ndi batire, cinkana mawaya onse atagwa.

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, VQ2 inasanduka 9J. Mukatsegula wailesi yanu usiku uno, kumbukirani kuti amene anayamba nchitoyi sanadikire kulamulidwa.

Tsalani bwino.