Kuyenda panja m'nyengo ya masika pambuyo pa opaleshoni yoika bondo latsopano

Munthu amene waikidwa bondo la citsulo sacira mwa kugona. Madotolo a mafupa amamuimiritsa tsiku lomwelo la opaleshoni kapena m'mawa mwake, ndipo kucokera pamenepo kucira kwake kumadalira kuyenda kwa tsiku ndi tsiku.

Muno mu Zambia, nyengo ya masika, pamene mvula ikutha mu April ndi May, ndiyo nthawi yabwino yoyenda panja. Matope amakhala akuuma ndipo dzuwa silitentha kwambiri. Koma nyengo yomweyo ndiyo ya zokolola, pamene munda umaitana aliyense wa pa banja, ndipo apa ndi pamene wocira angawononge zimene dotolo anakonza.

Opaleshoni yake

Bondo ndi mfundo imene imalumikiza fupa la nchafu ndi fupa la msongolo, ndipo kutsogolo kwake kuli kafupa kena kakang'ono. Nsonga za mafupawa zinakutidwa ndi cicerecere cosalala, cimene cimathandiza mfundoyo kupindika mosavuta. Cicerecereci cikadyeka cifukwa ca ukalamba, kunenepa, ngozi yakale kapena matenda a nyamakazi, fupa limayamba kukhulana ndi fupa linzake. Ululu umakula mpaka munthu amalephera kugona ndi kuyenda, ndipo mankhwala akaleka kuthandiza, dotolo amaganizira za opaleshoni.

Opaleshoniyi imatenga ola limodzi kapena awiri. Dotolo amasema mbali zodyeka za mafupa, ndi kuveka nsonga zake zitsulo za cobalt ndi chromium kapena titanium, kenaka amaika pulasitiki yolimba pakati pake. Nthawi zambiri zitsulozo zimamatidwa ndi simenti yapadera ya mafupa. Minofu yoyendetsa mwendo imakhala yomwe ija ya mwini wake. Citsulo sicidziyendetsa cokha; cimayembekezera minofu.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Mu 1890 dotolo wa ku Germany, Themistocles Gluck, anayesa kuika maondo osemedwa ku minyanga ya njovu, koma zilonda zinalowa tizilombo ndipo nchitoyo inalephereka. Mu 1968 Frank Gunston wa ku Canada, amene anali kugwira nchito pa cipatala ca Wrightington ku England, anapanga bondo la citsulo ndi pulasitiki. Mu 1974 John Insall ndi anzake a ku New York anatulutsa mtundu wina, umene unakhala maziko a maondo ambiri amene aikidwa masiku ano. Kafukufuku wofalitsidwa mu magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2019 anaonetsa kuti mwa maondo 100 alionse oikidwa, 82 amakhala akugwirabe nchito pambuyo pa zaka 25.

Anthu a mu Zambia ena amalandira thandizo limeneli m'zipatala zazikulu za mu Lusaka, pamene ena amapita ku South Africa kapena ku India.

Nthawi ya kucira

Ambiri amatuluka m'cipatala pakapita masiku ocepa. Ulusi kapena tizitsulo tosokera cilonda timacotsedwa pakati pa masiku 10 ndi 14. Poyamba wocira amayenda ndi cogwirira ca miyendo inai kapena ndodo ziwiri, pambuyo pake ndodo imodzi, ndipo ambiri amaleka ndodo pa milungu 6 kapena kupitirirapo pang'ono. Kutupa kungapitirire miyezi 3 mpaka 6, ndipo mphamvu yonse ya mwendo imabwerera pakatha caka cathunthu, mwina kuposerapo.

Milungu yoyambirira ndiyo yofunika koposa. M'kati mwa bondo mumapangika cipsera, ndipo mfundo imene siipindidwa ndi kuwongoledwa tsiku lililonse imauma. Kuti munthu ayende pamalo athyathyathya, bondo lifunika kupindika madigiri pafupifupi 65. Kuti akwere masitepe ndi kunyamuka pa mpando, madigiri 90 kapena kuposerapo. Ndiye cifukwa cake akatswiri a physiotherapy amapatsa wocira maseweredwe ocita m'nyumba, monga kukanikiza bondo pa bedi kuti liwongoke, kukoka cidendene kuti lipindike, ndi kugwedeza phazi m'mwamba ndi pansi. Kuyenda panja kumawonjezera pa maseweredwe amenewa, sikulowa m'malo mwake.

Kuyenda kumalimbitsa minofu ya nchafu, imene imakhala itafooka kale cifukwa ca zaka za ululu. Kumayendetsanso magazi m'miyendo, motero kumacepetsa ngozi ya kuundana kwa magazi m'mitsempha. Ndiponso munthu amene atuluka panja, napatsana moni ndi anansi ake, sagwidwa msanga ndi cisoni cimene cimabwera kwa wobindikira m'nyumba.

Ubwino ndi misampha ya masika

Mu May, kutentha kwa masana mu Lusaka kumakhala pafupi ndi madigiri 25, ndipo m'mawa kumazizira. M'zigwa za Luangwa ndi Zambezi kumatentha kuposa pamenepo. Nyengo yotere imalola munthu kuyenda popanda kutopa msanga monga mu October, ndiponso popanda kuterereka monga mu January.

Ngakhale ndi tero, mvula imasiya zizindikiro zake. Njira zambiri zimakhala zokumbika ndi madzi, miyala ili pamtunda. Udzu umakhala utatalika ndipo umabisa maenje. M'mamawa mame amanyowetsa udzu ndi kuterereka. M'minda muli mizere, ziputu ndi mapesi ogwa. Kwa munthu wa bondo latsopano, kugwa ndi ngozi yaikulu: cilonda cingatseguke, kapena fupa lingathyoke pafupi ndi citsulo, ndipo kukonza fupa lotero kumafuna opaleshoni ina yovuta kuposa yoyamba.

Cotero nthawi yabwino yoyenda ndi pamene mame auma ndi thupi lafunda, capakati pa 9 ndi 11 koloko, kapena madzulo kusanade. Malo abwino ndi osalala ndi odziwika: bwalo losesedwa la pa nyumba, mseu wosalazidwa wopanda magalimoto ambiri, kapena bwalo la mpira la pa sukulu. Bwalo la mpira limathandizanso kupima ulendo, popeza utali wake ndi mamita pafupifupi 100.

Kayendedwe kake

Ciyambi cimakhala mphindi 5 kapena 10, kawiri kapena katatu pa tsiku. Maulendo afupiafupi angapo amaposa ulendo umodzi wautali. Mphindi zimawonjezedwa pang'onopang'ono mlungu uliwonse, kufikira wocira atakwanitsa mphindi 30 popanda kutsimphina. Pa miyezi yotsatira colinga cimakhala muyezo wa bungwe la World Health Organization, umene m'malangizo a mu 2020 unaikidwa pa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu kwa akulu.

Woweruza wa ulendo uliwonse ndi bondo lenilenilo m'mawa mwake. Kuwawa pang'ono ndi kutupa kumene kumatsika usiku si kodetsa nkhawa. Koma bondo likadzuka lotupa ndi louma kuposa dzulo, ndiye kuti ulendo unatalika, ndipo uyenera kufupikitsidwa kwa masiku angapo. Akulu anati kuthamanga si kufika.

Ndodo imagwiridwa ku dzanja la mbali yosacitidwa opaleshoni, ndipo imapita patsogolo pamodzi ndi mwendo wodwala. Mphira wa kunsi kwake ukadyeka uyenera kusinthidwa. Pokwera masitepe kapena citunda, mwendo wabwino ndiwo umatsogola; potsika, umatsogola mwendo wodwala. Kutsika kumalemetsa bondo kuposa kukwera, motero malo otsetsereka ayenera kudikira. Potembenuka, munthu aponde timapazi ting'onoting'ono, asapotokole thupi phazi lili cikhazikire pansi.

Nsapato zikhale zotseka, zomanga, ndi zogwira nthaka. Mapatapata amavuka ndi kukola. Pa milungu yoyamba ndi bwino kuyenda ndi mnzake, kapena kunyamula foni. Pobwerera, mwendo ugonekedwe pa mitsamiro, phazi lili pamwamba, ndipo pa bondo paikidwe madzi oundana okulungidwa m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20. Mtsamiro usaikidwe kunsi kwa bondo lenilenilo, cifukwa lingazolowere kupindika ndi kukana kuwongoka.

Njinga ndi bwenzi la bondo latsopano, popeza imalipinda popanda kulisenzetsa thupi lonse. Kupalasa kumayambira pa njinga yoima malo amodzi, cishalo cili cokwezedwa. Njinga ya pa mseu imabwera dotolo akavomereza, ndipo imakhala yopanda katundu kumbuyo. Kusambira kumaloledwa cilonda cikapola kotheratu, koma osati m'madamu ndi m'mitsinje, mmene muli likodzo. Kuthamanga, kudumpha ndi mpira zimadya pulasitiki ya m'bondo msanga, ndipo madotolo ambiri amaziletsa.

Munda ndi nchito za pa nyumba

Poyenda, bondo limasenza kulemera kwa thupi kuwirikiza kawiri ndi theka. Munthu wa makilogramu 70 amaika makilogramu pafupifupi 175 pa bondo nthawi iliyonse akaponda. Thumba la cimanga la makilogramu 50 pa mutu kapena pa phewa limawonjezerapo makilogramu oposa 100, pa mwendo umene minofu yake ikali yofooka ndi pa nthaka yosalingana. Kusenza matumba, kukoka ngolo, kudumpha mizere ndi kukumba nshawa kapena mbatata si nchito za munthu amene ali m'miyezi yoyamba ya kucira.

Izi sizitanthauza kuti wocira akhale kutali ndi zokolola zake. Angayende kufika m'mphepete mwa munda ngati njira ili yabwino, ndi kuyang'anira nchito. Angatonole cimanga ndi kusenda nshawa atakhala pa mpando wautali, akumanyamuka kawirikawiri kuti awongole mwendo. Banja limene lagawana nchito zolemera nyengo imodzi limapeza mlimi wamphamvu nyengo yotsatira.

Pa nyumba, cobvuta cacikulu ndi zinthu za pansi. Mphasa, kampando kafupi ndi cimbudzi cokumba zimafuna kuti bondo lipindike kuposa mmene lingathere. Mpando wolimba woboola pakati, woikidwa pa cimbudzi, pamodzi ndi cogwirira pa cipupa, zimathetsa bvutolo. Mbaula iikidwe pamalo okwera ndi okhazikika.

Kugwada kumabvuta ambiri ngakhale patapita nthawi yaitali, cifukwa cipsera cimakhala kutsogolo kwa bondo. Kumayesedwa cilonda cikapola, pa cinthu cofewa, dotolo atavomereza. Pamaso pa akulu, pa maliro ndi m'chalichi, acibale ayenera kumvetsa kuti wocira amene waomba m'manja ndi kuwerama, osagwada, sanacepetse ulemu.

Zizindikiro zofuna cipatala msanga

Kumapeto kwa mvula malungo amakhala oculuka, ndipo munthu akatentha thupi amaganiza za udzudzu. Kwa amene ali ndi bondo latsopano, kutentha kwa thupi kofika madigiri 38 kungakhalenso cizindikiro cakuti tizilombo talowa m'mfundo. Ayenera kupimitsa magazi, ndi kuuza anamwino za opaleshoniyo kuti aonenso bondo, makamaka ngati likufiira, likutentha, likutuluka madzi kapena mafinya, kapena ululu ukukula m'malo mocepa.

Tizilombo tingafike pa citsulo kudzera m'magazi, kucokera ku cilonda ca minga kapena ciputu, ku cithupsa kapena ku dzino lobvunda. Zonsezi zifunika mankhwala msanga. Kutema mphini pa bondo lotero kapena kupaka mankhwala a zitsamba pa cilonda kumatsegulira tizilombo khomo. Matenda a shuga osasamalidwa ndi kusuta fodya zimacedwetsa kupola.

Kutupa, kutentha ndi kuwawa kwa mnofu wa kumbuyo kwa mwendo, kunsi kwa bondo, kungasonyeze kuti magazi aundana mu mtsempha. Kubanika mwadzidzidzi ndi kupweteka kwa m'cifuwa ndi ngozi yosadikira m'mawa. Mankhwala oletsa magazi kuundana amwedwe masiku onse amene dotolo analamula. Ulendo wautali umakulitsa ngoziyi, kaya ndi wa ndeke kucokera ku India kapena wa basi kucokera ku Lusaka kupita ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Wapaulendo afunsire kaye kwa dotolo, azigwedeza mapazi ali pa mpando, ndipo azitsika kuyenda pang'ono basi ikaima.

Kulira kwa citsulo poyenda ndi dzanzi pa khungu la m'mbali mwa cipsera ndi zinthu zozolowereka. Komabe, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu amakhalabe ndi ululu wina patapita miyezi yambiri, ndipo wotero ayenera kubwerera kwa dotolo wake.

Kwa okhala ku maiko ozizira

Kwa a Zambia okhala ku Britain ndi maiko ena a kumpoto, nyengo yofanana ndi masika imabwera kuyambira September mpaka November, pamene mitengo imayoyola masamba. Kumeneko msampha ndi masamba onyowa a pa njira, amene amaterera ngati therere, ndi madzi oundana a m'mamawa kumapeto kwa nyengoyo. Masiku amafupika: pa Sondo yothera ya October mawochi a ku Britain amabwezedwa ola limodzi, ndipo pofika kumapeto kwa November dzuwa mu London limalowa ca m'ma 16 koloko. Ulendo umayendedwa masana, ndi zobvala zofunda, ndipo tsiku la mvula umasamukira m'nyumba kapena m'masitolo akuluakulu.

Kuno kwathu, masika amatsatidwa ndi cisanu ca June ndi July, pamene mfundo zimauma m'mawa ndipo moto umakoma kuposa njira. Wocira amene wazolowera kuyenda tsiku lililonse mu April ndi May amalowa m'cisanuco mwendo wake utalimba kale, ndipo mvula ya November imamupeza ali wokonzeka kufunsa dotolo za khasu.