Kuchokera ku Fort Young Kufika ku Chalimbana

Ambiri a ife mu mpingo uno tikafunsidwa kwathu timatchula Chipata, Katete, Chadiza kapena Petauke, ngakhale kuti tikukhala pa nthaka ya Asoli, m'dziko la a Mfumukazi Nkomeshya. Pamene tikukondwerera zaka 50 za mpingo wathu, ndi bwino ana athu adziwe chimene chinayamba kuchotsa makolo m'midzi ya kum'mawa. Nkhaniyi imayambira pa linga la atsamunda lotchedwa Fort Young, kum'mwera kwa Chipata, m'dziko la a Mpezeni.

Mzungu wina wa ku Germany, Carl Wiese, ankachita malonda a minyanga ya njovu pakati pa Angoni, ndipo a Mpezeni anamulola kufunafuna miyala ya mtengo wapatali m'dziko lawo. Chilolezocho chinathera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, imene inayamba mu 1895. Eni kampaniyo ankakhulupirira kuti pansi pa nthaka ya Angoni pali golide wambiri, ndipo anthu awo ndiwo anamanga Fort Young.

Nsingo, mwana wa a Mpezeni, amene ankatsogolera ankhondo, anaona kuti alendowa abwera kudzakhala. Chakumapeto kwa 1897 Angoni anazinga azungu aja, ndipo mu January 1898 asilikali a Britain anafika kuchokera ku dziko limene lero ndi Malawi, atanyamula mizinga ndi mfuti za Maxim. Nthungo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa mu February chaka chomwecho, ndipo a Mpezeni anadzipereka. Mwambo wa N'cwala unaleka mpaka pamene unayambanso mu 1980.

Golide wochuluka amene ankamufuna uja sanapezeke, koma ulamuliro wa azungu unakhazikika. Mu 1899 boma la kampani ya British South Africa linaika likulu la North-Eastern Rhodesia ku Fort Jameson, mzinda umene unatchedwa Chipata dziko litalandira ufulu. Posakhalitsa kunabwera msonkho wa nyumba. Munthu amene ng'ombe zake zinalandidwa analibe chogulitsa kuti apeze ndalama ya msonkho, choncho amuna anayamba kuyenda pansi kupita ku migodi ndi mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pake ku migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt.

M'chaka chomwecho cha 1899, amishoni a Dutch Reformed Church anayambitsa misoni ya Magwero, pafupi ndi Fort Jameson. Pambuyo pake panadza Madzimoyo mu 1903 ndi Nyanje mu 1905, ndipo ku Magwero kunayambanso sukulu ya ana osaona. Tisabise kuti amishoni analowa pa khomo limene mfuti zinatsegula. Koma aphunzitsi ndi alaliki a m'midzi, ana a anthu omwe anagonjetsedwa aja, ndiwo anafalitsa kuwerenga ndi Mawu a Mulungu m'Chinyanja. Mwamuna akamapita kukafuna ntchito, ankanyamula mphasa, bulangete ndi buku la nyimbo, ndipo kumene wafika ankafunafuna anzake oti apemphere nawo.

Lusaka atakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, msewu wa Great East unasanduka njira yaikulu ya anthu a kum'mawa, ndipo msewuwo ndi umene umadutsa pa Chongwe. Mu 1939 sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes inasamuka ku Mazabuka kubwera kuno ku Chalimbana, ndipo inayamba kulandira ophunzira ochokera m'zigawo zonse. Malo omwewo ndiwo lero ndi Chalimbana University. Ena mwa makolo athu anabwera kudzaphunzira, ena kudzagwira ntchito pa koleji kapena m'mafamu, ndipo Asoli anawalandira n'kuwapatsa malo okhala ndi olima.

Lero pa Fort Young pangotsala mabwinja, amene boma limawasunga monga chikumbutso cha dziko. Ku Feni, kumene kuli likulu la a Mpezeni, kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa ndi dzina la Nsingo, ndipo ku Mtenguleni kumachitika N'cwala mwezi wa February chaka chilichonse.

Abale ndi alongo, ana ambiri obadwira kuno sadziwa dzina la mudzi wa agogo awo, ndipo akuluakulu amene akudziwa akutisiya mmodzimmodzi. Mukamapita kumudzi ku maliro kapena ku N'cwala, tengani mwana mmodzi, mukamuonetse Magwero ndi Feni. Amene simungathe kuyenda, khalani pansi ndi agogo chaka chino, mufunse mudzi, mfumu ndi chaka chimene banja lanu linafika ku Chalimbana, ndipo mulembe zimenezo pa tsamba loyamba la Buku Lopatulika la pa nyumba panu.