Msonkho ndi Mpamba pa Msewu wa ku Matope

Madzulo ano tiyenda pa msewu wochokera ku Blantyre kudzera pa Lunzu, kwa mfumu Kapeni, kukafika pa Lirangwe, ndipo tipatukiranso ku Chileka, kwa mfumu Kuntaja. Nkhani yathu ndi ya msonkho, ndi m'mene unaphunzitsira anthu a m'dera limeneli kuŵerengera ndalama.

Msewu umenewu ndi wakale. Chifukwa cha mathithi a mu mtsinje wa Shire, sitima zapamadzi zochokera kumunsi zinkaima pa dooko la kwa Katunga. Kuchokera pamenepo katundu ankayenda pamitu ya anthu, kukwera ku Blantyre ndi kutsetserekera ku Matope, kumene sitima zina zinali kudikira kuti zimuke naye kunyanja. Onyamula katunduwo ndiwo ankatchedwa amtengatenga, ndipo ambiri ankagwira ntchito ku kampani ya African Lakes, imene tonsefe timaidziŵa ndi dzina loti Mandala.

Nanga n'chiyani chinkachotsa mwamuna pamunda pake kuti akasenze mtolo wa mzungu? Kwakukulu unali msonkho. Dziko lino litaloŵa m'manja mwa Angerezi mu 1891, Harry Johnston anayamba kukhometsa msonkho m'madera ano a kum'mwera, ndipo pofika 1894 nyumba iliyonse inkalipira masheleni 3 pachaka. Masheleni ameneŵa anali pafupifupi malipiro a mwezi wathunthu. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 boma linakweza msonkhowo kufika masheleni 6, koma munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka lokha. Lamuloli linatha mu 1921. Apa cholinga chinali choonekeratu: msonkho sunali wongodzaza thumba la boma, unalinso chikwapu chotumizira anthu ku minda ya atsamunda, kumene ena anali kale pa goli la thangata.

Amene walephera kukhoma ankaona zakuda. Nyumba zinkatenthedwa, ndipo nthaŵi zina mkazi ankagwidwa mpaka mwamuna wake atapeza ndalama. Motero kapepala ka msonkho kanasanduka chuma. Munthu ankakasunga mosamala kuti kasanyowe kapena kudyedwa ndi chiswe, pakuti popanda iko sakanayenda ulendo mwamtendere. Banja linayamba kuganizira msonkho mbewu zikadali m'munda: nkhuku iti igulitsidwe, dengu liti la chimanga lipite kumsika, ndani apite kuganyu. Makolo athu ambiri sanapite kusukulu, koma anadziŵa kupatula gawo la boma asanadye zotsalazo.

Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, ndi kupitirira kudzera pa Lirangwe mpaka ku Salima mu 1935, ntchito ya mtengatenga inazilala, ndipo malonda anakula. Komabe Mfirika wofuna kutsegula sitolo anali ndi chopinga. Lamulo la mu 1903 linachepetsa ngongole imene wamalonda akanatha kupereka kwa munthu wakuda, kotero kunali kovuta kuoda katundu pangongole. Masitolo ambiri a kumidzi anali a Amwenye, pamene eni dziko ankakhalira kantini, utelala wa pakhonde, kapena kuyenda ndi nsalu panjinga.

Zinthu zinatembenuka ufulu utabwera. Mu 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula kuti Amwenye asiye malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 anali ololedwa m'mizinda ikuluikulu yokha. Khomo linatseguka kwa Amalaŵi, ndipo masitolo a Chipiku anakhala kooda katundu. Koma m'malo ambiri a malonda m'dziko muno masitolo amene anasiyidwawo sanakhalitse. Ena anasoŵa mpamba wokwanira. Ena anali nawo, koma sanasiyanitse ndalama za sitolo ndi za pakhomo. Mlamu akabwera, atenge shuga pangongole. Maliro akagwa, ndalama ichoke m'kabati. Tsiku la laisensi ndi msonkho likafika, mpamba womwe udyedwe. Paja akulu anati mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Poona zimenezi, mu 1979 kunakhazikitsidwa bungwe la DEMATT loti liziphunzitsa amalonda kasungidwe ka mabuku, ndipo mu 1982 kunabwera SEDOM yobwereketsa ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono.

Msonkho wa pamutu, umene mwamuna aliyense wamkulu ankakhoma, pambuyo pake unathetsedwa. Ambiri anapuma, poganiza kuti msonkho watha. Sunathe ayi, unangosintha njira. Kuyambira mu 2000 ntchito yotolera misonkho ili m'manja mwa Malawi Revenue Authority, imene likulu lake ndi Msonkho House ku Blantyre, ndipo mu 2005 kunayamba msonkho wa VAT umene timalipira pogula katundu wambiri m'sitolo. Pamsika pali chiphaso cha khonsolo. Wamalonda wofuna kugulitsa katundu ku boma kapena ku makampani amafunsidwa nambala yake ya msonkho, ndipo gawo lina limadulidwa asanalandire ndalama zake. Amene wataya pepala losonyeza kuti anadulidwa sangakhale ndi umboni pa tsiku loŵerengera.

Tsono inu a golosale pa Lirangwe, inu a chigayo ku Chileka, inu amayi ogulitsa tomato pa Lunzu, mbiri imeneyi ndi yanu. Agogo athu ankakhoma msonkho mwa mantha, kwa boma limene silinali lawo. Ife tili ndi ufulu wofunsa kumene ndalama zathu zikupita, koma luso lawo lija tisalitaye. Lembani m'kabuku zimene mwagula, zimene mwagulitsa, ndi amene watenga pangongole, ngakhale akhale mbale. Sungani malisiti monga iwo ankasungira kapepala kaja. Patulani gawo la msonkho mwezi ndi mwezi, kenaka mpamba, ndipo zotsalazo ndiye phindu lanu loti mudye.