Mmene Kusamba M'manja Kunalowera M'zipatala

Lamulo loti dokotala azisamba m'manja asanagwire wodwala silinakwanitse n'komwe zaka 200. Linayambira ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna, ku Austria, komwe kunali zigawo ziwiri zochiliramo amayi. M'chigawo choyamba munkagwira ntchito madokotala ndi ophunzira awo, pomwe chachiwiri chinali cha azamba. Kuyambira mu 1841 mpaka 1846, m'chigawo cha madokotala munkafa amayi pafupifupi 10 pa 100 alionse, makamaka ndi nthenda yotentha thupi yogwira mayi akangochira. Kwa azamba ankafa pafupifupi 4. Mbiriyi inali itawanda mumzindamo, moti amayi ena ankachita kugwada, kupempha kuti asawagoneke kwa madokotala.

Ignaz Semmelweis, dokotala wa ku Hungary amene anayamba ntchito m'chigawo choyambacho mu 1846, anasowa mtendere ndi imfa zimenezi. Maso ake anatseguka mu 1847, mnzake Jakob Kolletschka atamwalira chifukwa chochekedwa ndi mpeni pamene ankang'amba mtembo. Zimene zinapezeka m'thupi mwa Kolletschka zinali zofanana ndi za amayi aja. Apa mpamene panali gwero: madokotala ankachoka kong'amba mitembo n'kulunjika kukapima amayi, pamene azamba sankagwira mitembo. Sopo wamba sankachotsa fungo la mtembo m'manja, choncho mu Meyi chaka chomwecho Semmelweis analamula kuti aliyense azisamba m'madzi a klorini asanapime mayi. Mu Epulo anafa amayi 18 pa 100 alionse; pofika mu Julayi chiwerengerocho chinatsika kufika pafupifupi mmodzi.

Umboni woterewu unayenera kuthetsa nkhani, koma madokotala ambiri anaukana. Panthawiyo anthu ankakhulupirira kuti matenda amabwera ndi mpweya woipa, ndipo Semmelweis sanathe kuonetsa chenicheni chimene chinkamatirira kumanja. Panalinso kudzimva: kuvomera kukanatanthauza kuti manja a dokotala mwini ndi amene ankapha odwala. Kukana kumeneku kunapititsa kumanda amayi ochuluka amene akanakhala ndi moyo. Buku la Semmelweis la mu 1861 linanyozedwa, ndipo iye anamwalira mu 1865 m'chipatala cha odwala misala, ali ndi zaka 47.

Zinthu zinasintha Louis Pasteur wa ku France atasonyeza ntchito ya tizilombo tosaoneka ndi maso, ndiponso Joseph Lister atafalitsa mu 1867 njira yake yophera tizilomboti pamabala, pazipangizo ndi m'manja pochita opaleshoni ku Glasgow. Ngakhale zili choncho, kuiwala ndi kuchuluka kwa ntchito zikusokonezabe mwambowu m'zipatala. Mu 2009 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo otchula nthawi zisanu zimene wachipatala ayenera kuyeretsa m'manja, ndipo yoyamba mwa izo ndi asanakhudze wodwala.