Kaputeni Dyett, Mphunzitsi wa Bandi Yemwe Sukulu Yake Anthu Anaigonera ndi Njala

Sabata ino ndakutengerani kutali, ku Chicago m'dziko la America, ngakhale munthu wake ndi wa ntchito yomwe tonsefe tinadutsa m'manja mwake. Mundipirire, nkhaniyi ndiyambira kumathero.

Pa 17 Ogasiti 2015 anthu 12 anaika mipando panja pa sukulu ina ya sekondale kumwera kwa mzindawu, n'kulengeza kuti kuyambira tsikulo chakudya sachikhudzanso. Ena anali makolo, ena agogo, ena omenyera ufulu wa anthu a m'deralo. Ankangomwa madzi ndi zakumwa zina basi. Akuluakulu a zamaphunziro mumzindawu anali atatseka sukuluyo miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo anthuwa ankafuna itsegulidwenso. Dzina la sukuluyo linali Walter H. Dyett. Ukaona dzina lotere pachipata cha sukulu umaganiza kuti mwina anali meya, kapena mpondamatiki wina amene anapereka ndalama zomangira. Ayi ndithu. A Dyett anali mphunzitsi wa bandi ya pasukulu, ndipo pa nthawiyi n'kuti atagona m'manda zaka pafupifupi 46.

Anabadwa pa 11 Januwale 1901 ku St. Joseph m'chigawo cha Missouri. Poyamba mtima wawo unali pa udokotala, moti anachita maphunziro okonzekera ntchitoyi ku University of California ku Berkeley. Koma ku Chicago chomwe chinawadyetsa ndi vayolini. Ankaimba m'magulu a oimba a m'nyumba za zisudzo ndi makanema, masiku amene makanema analibe mawu ndipo oimba ankakhala patsogolo n'kumaperekeza zithunzizo ndi nyimbo. Anatsogoleranso bandi ya asilikali akuda a Eighth Regiment ya Illinois National Guard. Ukaputeni uja unachokera kumeneko, ndipo unawakanirira mpaka m'kalasi.

Chicago ya nthawi imeneyo inali ikudzaza ndi alendo. Mu 1910 anthu akuda mumzindawu anali pafupifupi 44,000. Pofika 1930 anali atakwana pafupifupi 234,000. Ankachokera kumwera kwa dzikolo, ku Mississippi, Alabama, Louisiana ndi kwina, kuthawa tsankho ndi kuphedwa mwachisawawa, komanso kusaka ntchito m'mafakitale a zitsulo ndi m'malo ophera nyama. Atafika anapeza kuti eni nyumba achizungu ambiri anasainirana mapangano oti wakuda asamugulitse nyumba kapena kumuchititsa lendi m'madera awo. Choncho anthu onsewa anapanikizana m'kachigawo kopapatiza kotchedwa Bronzeville. Nyumba zinali zothinana, masukulu odzaza, ndalama zosowa, makamaka chuma cha dzikolo chitagwa mu 1929. Koma nyimbo zokha zinali ponseponse. Louis Armstrong anafika mumzindawu mu 1922 kudzaimba ndi King Oliver, ndipo mu 1928 panatsegulidwa holo yotchuka ya Regal pafupi ndi msewu wa 47th Street. Mwana wa ku Bronzeville ankakula akumva lipenga kutchalitchi, mumsewu ndiponso pazenera la malo ovinira.

Ana amenewa ndiwo a Dyett anawapeza mu 1931 pamene anayamba kuphunzitsa pa sekondale ya Wendell Phillips. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata wobadwira ku Montgomery, Alabama, mwana wa m'busa, amene dziko linadzamudziwa kuti Nat King Cole. Mu 1935 panatsegulidwa nyumba yatsopano ya sukulu pa Wabash Avenue, ndipo chaka chotsatira inapatsidwa dzina loti DuSable, pokumbukira Jean Baptiste Point du Sable, wamalonda wakuda amene amatengedwa kuti ndiye anayambitsa mudzi womwe lero ndi Chicago. A Dyett anasamukira kumeneko ndipo anakhalako mpaka 1962. Uku akuphunzitsa, nawonso ankapita kukalasi: digiri yoyamba ya zoimba anaipeza ku VanderCook mu 1938, yachiwiri ku Chicago Musical College mu 1942, ali ndi zaka 41.

Tsono bandi imafuna zida, ndipo zida ndi ndalama. Lipenga si choko. Akuluakulu a zamaphunziro ndalama zogulira zida zokwanira ana onsewo sankapereka, ndipo makolo ambiri sakanatha kugulira mwana saxophone lendi isanalipidwe. Zimene anachita a Dyett n'zimene zimandigwira mtima kwambiri pa mbiri yawo yonse. Kuyambira 1936 anayambitsa chionetsero cha chaka ndi chaka chotchedwa Hi-Jinks, momwe ana a pasukulupo ankaimba, kuvina ndi kuchita zisudzo. Anthu a m'deralo ankagula matikiti n'kudzaza holo, ndipo ndalamazo zinkagula zida. Taganizani bwino: ana ankaimbira zida zoti adzaimbire ana obwera m'mbuyo mwawo. Mayi wochapa zovala za eni ake, bambo wogwira ntchito kophera ng'ombe, akagula tikiti ndiye kuti waponyapo kangachepe pa lipenga la mwana wa mnzake. Chionetserocho chinalinso sukulu pachokha, chifukwa mwana ankaphunzira kufika pa nthawi, kuvala bwino, kuperekeza woimba ndi wovina, zomwe akazifune akadzalembedwa ntchito ku Regal kuja.

Ophunzira awo akale akamawakumbuka amatchula zinthu ziwiri, khutu ndi ukali. Bandi yonse ikuimba, ana ambirimbiri, iwo ankatha kuimitsa nyimbo n'kuloza mwana mmodzi amene waphonya. Sankalola zongoimba za m'mutu. Mwana aliyense ankayenera kudziwa kuwerenga nyimbo yolembedwa papepala, kuimba nyimbo zogubira ndi nyimbo zakale za ku Ulaya, kenako ndiye azikamba za jazz. Wofuna saxophone ankayamba wadutsa pa clarinet. Johnny Griffin anadutsa njira imeneyi: clarinet, kenako oboe, kenako alto saxophone. Atamaliza sukulu mu 1945 anangokhala masiku atatu okha, n'kulowa bandi yaikulu ya Lionel Hampton, yomwe inali imodzi mwa zotchuka m'dziko lonselo. Masiku atatu, abale. Mnyamata wazaka 17 kuchoka pa desiki n'kukakhala pakati pa akatswiri, pepala la nyimbo lili patsogolo, iye osanjenjemera.

Za ukalizo tisazipake mafuta. A Dyett ankakalipa, mawu awo nthawi zina anali oti sangalembedwe pano, ndipo mwana wochita zibwana ankapirikitsidwa m'bandi. Ambirife tinakhalapo ndi mphunzitsi wotere, uja ukamva nsapato zake pakhonde m'mimba mumayamba kutentha. Vuto la mbiri za aphunzitsi aukali n'lakuti amazifotokoza ndi amene anapirira n'kupambana. Mwana amene anachita mantha n'kusiya lipenga sakhala pa mndandanda wa anthu otchuka, ndipo atolankhani samufunafuna. Ine sindikhulupirira kuti kutukwana ndi kumene kunapanga oimba aja. Chimene ndimaona n'chakuti a Dyett ankadziwa dziko lomwe likudikira anawo kunja kwa mpanda. Ku Chicago ngakhale bungwe la oimba linali logawikana, akuda ndi lawo la Local 208, azungu ndi lawo la Local 10, mpaka 1966. Woimba wakuda wosadziwa kuwerenga nyimbo anali ndi zitseko zochepa kwambiri zoti n'kugogoda. Mphunzitsiyu anakana kuwaona ana a anthu osauka ngati oyenera zochepa, ndipo anawo anazindikira kuti pansi pa kukalipako panali ulemu umenewu. N'chifukwa chake ankabwerera kudzawathokoza atakula.

Mndandanda wa amene anadutsa m'manja mwawo ukhoza kudzaza tsamba lonseli. Dinah Washington, amene pa nthawiyo anali Ruth Jones wobadwira ku Tuscaloosa, Alabama. Gene Ammons, Von Freeman, Eddie Harris. Dorothy Donegan wa piyano. Johnny Hartman, amene mu 1963 anajambula chimbale ndi John Coltrane. Clifford Jordan ndi John Gilmore, amene mu 1957 anatulutsa limodzi chimbale ku kampani ya Blue Note. Gilmore yemweyo pamodzi ndi Pat Patrick anakhala mizati ya bandi ya Sun Ra, ndipo mwana wa Patrick, Deval, anadzakhala bwanamkubwa wa Massachusetts. Joseph Jarman ndi Leroy Jenkins analowa m'gulu la AACM lomwe linayamba mu 1965, n'kumaimba nyimbo zachilendo zoti mwina Kaputeni akanazikwinyira nkhope. Chodabwitsa n'chakuti anthu onsewa saimba mofanana. Mphunzitsi wokhwimitsa malamulo chonchija umayembekezera kuti atulutsa ana ofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi, koma aliyense anatuluka ndi liwu lake. Olemba mbiri amayerekeza kuti ana onse amene anawaphunzitsa anaposa 20,000, ndipo ambiri mwa iwo sanakhale oimba n'komwe.

Pa onsewa ine ndimaima pa Richard Davis. Anayamba kuimba besi ali mnyamata pa DuSable, kenako anatsata mapazi a mphunzitsi wake ku VanderCook. Anaimba ndi Sarah Vaughan, anaimba pa chimbale cha Eric Dolphy cha 1964 ndi cha Van Morrison cha 1968, anaimbanso motsogozedwa ndi Igor Stravinsky ndi Leonard Bernstein. Mu 1977, ntchito ikumuyendera bwino ku New York, anasamukira ku Madison kukaphunzitsa pa University of Wisconsin, ndipo mu 1993 anakhazikitsa bungwe lophunzitsa ana kuimba besi. Mpaka imfa yake mu 2023, akafunsidwa za komwe anachokera, dzina la Kaputeni silinkasowa pakamwa pake.

A Dyett anamwalira pa 17 Novembala 1969. Ulemu waukulu wa mzinda unabwera iwo atapita kale, monga zimakhalira ndi aphunzitsi ambiri. Mu 1972 anatsegula sukulu yatsopano m'paki ya Washington Park n'kuitcha dzina lawo. Patapita zaka pafupifupi 40 chimwalirireni, anaimika chiboliboli chawo panja pa DuSable, chosulidwa ndi Ed Dwight. Sukulu kutchedwa dzina la mphunzitsi wamba si nkhani yamasewera. Tawerengani nokha masukulu a kwanuko amene mukuwadziwa, muone kuti ndi angati ali ndi dzina la munthu amene anagwira choko pomwepo. Komabe dzina pakhoma silidya ndalama. Chimene chimadya ndalama ndi aphunzitsi, mabuku ndi zida, ndipo apa ndi pamene ulemu uja unayesedwa.

Sukulu ya Dyett inasanduka sekondale mu 1999. Mu 2012 akuluakulu a zamaphunziro anagamula kuti itsekedwe pang'onopang'ono, ati chifukwa ana sankakhoza bwino. Anasiya kulemba ana atsopano, aphunzitsi n'kumachepa chaka ndi chaka, mpaka ana otsalawo maphunziro ena, kuphatikizapo a zaluso, ankachitira pa kompyuta. Pa sukulu ya dzina la Kaputeni Dyett, eti. Chaka cha 2013, pansi pa meya Rahm Emanuel, mzindawu unatseka masukulu pafupifupi 50 nthawi imodzi, ambiri a m'madera a anthu akuda. Mu Juni 2015 kalasi yomaliza ya pa Dyett inatsanzika ili ndi ana 13 okha. Eve Ewing, amene anaphunzitsapo ku Bronzeville, anaifotokoza nkhaniyi m'buku lake la 2018 lotchedwa Ghosts in the Schoolyard.

Tabwerera tsono kwa anthu 12 aja. Kunena zoona, iwo sankagonera njala chikumbutso cha munthu wakufa. Ankafuna sekondale ya boma yoti mwana aliyense wa m'deralo alowe popanda mayeso osankhira, chifukwa Dyett inali yomaliza ya mtundu umenewu kumeneko. Anali atayenda m'misonkhano zaka zingapo, atalemba ndondomeko yawo yoti sukuluyo izitsindika za utsogoleri ndi luso losamalira chilengedwe, koma ankangouzidwa kuti adikire. Mtsogoleri wawo anali Jitu Brown wa bungwe la Kenwood Oakland Community Organization. Masiku atapitapo ena anafooka mpaka kutengeredwa kuchipatala, ena atatu n'kudzalowa nawo m'sitirakayo.

Pa 3 Seputembala akuluakulu analengeza kuti sukuluyo itsegulidwanso, yolandira mwana aliyense wa m'deralo, koma idzakhala ya zaluso. Onyanyala chakudyawo sanakondwe. Sizimene anapempha, ndipo chigamulocho chinalengezedwa iwo ali kunja kwa chipinda. Anapitiriza kwa masabata ena awiri, n'kudzasiya pa 19 Seputembala, litakwana tsiku la 34. Apa mbiri inachita zake zoseketsa: njira yomwe akuluakulu anasankha pozemba pempho la makolowo ndi imene inabwezera nyimbo pansi pa dzina la mphunzitsi wa bandi. Ine sindiwapatsa akuluakuluwo ulemu pa zimenezi, chifukwa popanda njala ija chipata chikanakhala chokhomabe.

Mu Seputembala 2016 sukuluyo inalandira ana atsopano ili ndi dzina loti Walter H. Dyett High School for the Arts. Mmodzi mwa amayi amene anagonekedwa m'chipatala pa sitiraka ija, Jeanette Taylor, anasankhidwa kukhala khansala wa wodi 20 ya mzinda wa Chicago mu 2019.