Nyanja Ili Kutali, Koma Napolo Ali Pafupi

Anzanga acinyamata, mukatsegula mapu muona kuti dziko lathu la Zambia lilibe gombe la nyanja yamcere. Kucokera kuno ku Chipata kukafika ku Quelimane, m'mbali mwa nyanja ya India, pali makilomita oposa 600 ngakhale mutauluka ngati mbalame. Ndiye cifukwa cake ambiri a ife tikamva pa wailesi kuti kukubwera namondwe timangoti, izo nza anthu a ku Mozambique. Koma mbiri ya zaka pafupifupi 80 zapitazi ikutiuza zina.

Poyamba tidziwe cimene tikukamba. Namondwe ameneyu si kamvuluvulu wa mu Okutobala uja wonyamula mapesi ndi kukathera pa culu. Iye amabadwira pa nyanja, pamene madzi afunda kufika madigiri 26 kapena 27. Nthunzi imakwera, mitambo imaunjikana, ndipo mphepo imayamba kuzungulira malo amodzi a bata amene akatswiri amati diso. Nyengo yake ndi Novembala mpaka Epulo, m'dzinja lathu lomweli. Ofesi yaikulu yolondola anamondwe a cigawo cino ili pa cisumbu ca Réunion, ndipo maina ao amaperekedwa ndi maiko. Dzina la Idai linacokera ku Zimbabwe.

Anamondwe ambiri amathera m'nyanja momwemo. Cisumbu cacikulu ca Madagascar cimaima ngati mpanda, kotero ocepa okha ndiwo amafika pa mtunda wa Africa. Akafika, mphepo imafooka msanga cifukwa madzi ofunda amene amaipatsa mphamvu atsala kumbuyo. Koma mitambo imapitirira ulendo itasenza madzi ake, ndipo ikagunda phiri imakhuthula onse pamalo amodzi. Anthu a kugombe amaopa mphepo ndi mafunde. Ife a kumtunda cotiopsa ndi mvula yogwa pa phiri.

Mu Disembala 1946, pamene Chipata anali kudziwika kuti Fort Jameson, namondwe analowa ku Nyasaland nafika pa phiri la Zomba, pamene panali likulu la boma. M'masiku osakwana awiri kunagwa mvula yoposa mamilimita 700. Ganizirani kuti kuno kwathu timalandira pafupifupi mamilimita 1,000 caka conse. Mbali zina za phiri zinagumuka, matope ndi miyala zinakokolola milatho ndi midzi, ndipo anthu oposa 20 anafa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, njoka yaikulu yokhala pansi pa phiri imene ikamasamuka imaononga ciliconse m'njira mwake. Gulu la Paseli Brothers linaimba nyimbo ya Napolo imene imamvekabe mpaka lero. Ife opita kusukulu tisafulumire kuseka makolo. Za njoka tingatsutsane, koma iwo anaona bwino kuti phiri likakhuta madzi limayenda. Linayendanso mu Marichi 1991 ku Phalombe, pamene phiri la Michesi linagumuka pambuyo pa mvula yamphamvu, ndipo anthu mazanamazana anakwiririka.

Ena mwa anamondwewa anayenda mtunda wodabwitsa. Mu Januwale 1996 Bonita analowera ku Zambezia, zotsalira zake zinadutsa ku Zimbabwe mpaka kukatulukira ku nyanja ya Atlantic kudzera ku Angola. Mu Febuluwale 2000 Eline anagunda pafupi ndi Beira napitirira mpaka ku Namibia. Ndico caka cimene mai wina anabalira mwana pa mtengo pafupi ndi Chibuto, madzi a mtsinje wa Limpopo atamiza midzi. Komabe masiku amenewo zotere zinali kubwera patalipatali, ndipo munthu anali kukula atamvapo dzina limodzi kapena awiri.

Tsopano werengani maina a zaka zaposacedwa. Usiku wa pa 14 Marichi 2019 Idai anaphwanya mzinda wa Beira, nakagumula mapiri a Chimanimani ku Zimbabwe. Anthu oposa 1,000 anafa m'maiko atatu. Patangopita masabata asanu ndi limodzi, Kenneth anagunda ku Cabo Delgado. Mu Januwale 2022 Ana anathyola mlatho wa pa mtsinje wa Revubue ku Tete, cigawo cimene timalowamo tikadutsa pa Chanida kupyola Katete, naononganso malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Gombe anatsatira mu Marichi caka comweco. Chido anabwera mu Disembala 2024, Jude mu Marichi 2025. Akatswiri a zanyengo amati nyanja ikufunda kuposa kale, ndipo mpweya wofunda umanyamula madzi ambiri, motero namondwe wa lero amagwetsa mvula yoculuka kuposa wa m'masiku a agogo athu.

Koma amene tiyenera kumuyang'anitsitsa ndi Freddy wa mu 2023. Anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, naoloka nyanja yonse ya India. Pa 21 Febuluwale anagunda Madagascar, pa 24 analowa ku Mozambique kufupi ndi Vilankulo. Anthu anati watha. Iye anabwereranso ku nyanja, natenga mphamvu zina, ndipo pa 11 Marichi analowera ku Quelimane kulunjika kumwera kwa Malawi. Anakhala moyo masiku 36, ndipo palibe namondwe wina m'mbiri yolembedwa amene anakhalitsa cotere. Mvula inagwa usana ndi usiku pa Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Phiri la Soche linagumukira nyumba za ku Chilobwe. Ku Malawi kokha anthu oposa 1,000 anatayika, ndipo boma linalengeza masiku 14 a maliro. Blantyre ndi ulendo wa tsiku limodzi pa basi kucokera pa Mwami, ndipo anthu aja amalankhula cilankhulo cathu, amaimba nyimbo zathu zomwezi m'mapemphero.

Pa nthawi imeneyo kunamveka mau akuti Mulungu walanga ocimwa. Ine sindibvomereza. Werengani Luka 13:4, pamene Ambuye Yesu akamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nakana kuti iwo anali ocimwa kuposa anzao. Anthu a ku Chilobwe anamanga m'munsi mwa phiri cifukwa ndipo pamene wosauka akanapeza malo, ndipo phirilo linali litametedwa mitengo kwa zaka zambiri.

Tsopano tulukani panja muyang'ane mapiri ozungulira Chipata. Yang'anani Kanjala ndi anzake. Funsani agogo anu mmene mitengo inalili pamenepo iwo ali ana. Nkhuni, makala ndi minda zaidya, ena akuphwanya miyala yogulitsa, ndipo nyumba zikukwera phiri caka ndi caka. Mizu ndiyo imagwira dothi pa thanthwe. Ikacoka, ngakhale mvula wamba ya mu Januwale imatsika ndi mcenga ndi miyala kukadzaza ngalande ndi mtsinje wa Lunkhwakwa. Nanga itagwa ya mamilimita 700 ija ya ku Zomba?

Inu okhala m'mbali mwa phiri, dziwani zizindikiro zimene phiri limaonetsa lisanayende. Nthaka imang'ambika kumtunda kwa nyumba, mitengo ndi mizati imapendekeka, kasupe amatumphuka pamalo pamene panalibe madzi. Kamtsinje kamasanduka matope mwadzidzidzi, kapena kamaphwa mvula ili mkati, cifukwa cina cake catseka kumtunda. Pomaliza kumamveka mkokomo ngati wa malole ambiri. Zotere mukaziona kapena kuzimva, dzutsani ana ndi okalamba, katundu musiye, ndipo muthawire cammbali, osati kutsika ndi cigwa kumene matope adzadzera.